Mwala wa Lenard

Kuseri kwa shopu ya telala Sufiyani kunali kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu, ndipo m'menemo ndi momwe Stefano ankasunga kompyuta yake. Inali kompyuta yotopa, yotayidwa ndi ofesi ina ku Blantyre, yoti ukaiyatsa inkayamba yabuula kaye isanaonetse kanthu. Chaka chimenecho atelala a pa Nkhotakota sankapuma. Chisankho chachiwiri cha zipani zambiri chinali kuyandikira, ndipo aliyense ankafuna malaya a nsalu ya chipani chake. Makina osokera akamalira kutsogoloko, palibe ankamva kuseka kwa anthu awiri kuseriko.

"Mwandigunda chigongono dala," anatero Rahila, maso ali pagalasi la kompyuta.

"Ine? Manja anga ndi awa. Wakuzimitsira nyale ndi mleme," anayankha Stefano.

"Mlemewo anaulemba ndani? Ndinu nomwe."

Rahila anali mwana wa a Fakiri, eni golosale yaikulu ya pafupi ndi mzikiti. Kunyumba ankadziwa kuti masana amapita kukaphunzira kusoka kwa msuweni wake Bushra, mkazi wa Sufiyani. Ankasokadi pang'ono. Diresi yomwe anaiyamba mvula isanagwe inali isanaikidwebe manja mpunga atakolola kale.

Gemu yomwe ankasewerayo anyamata a pa Boma ankaitcha Kanyale. Kamnyamata kanyamula nyale, kakuwoloka milatho mumdima, mileme ikufuna kukazimitsira. Anabwera nayo ku Nkhotakota ndi Lenard, mkulu wake wa Stefano, m'kamakina kolumikiza ku TV komwe anagula kwa amalonda a ku Dar es Salaam. Masiku amenewo anyamata ankadzazana pakhonde pa Lenard mpaka kuiwala makoka ndi sukulu yomwe. Tsiku lina magetsi anabwera mwaukali, kamakina kaja kanapsa. Kenako Lenard nayenso anazima, pang'onopang'ono, pamphasa, anthu akunong'onezana za matenda ake kuseri kwa nyumba. Stefano anabwera kumaliro kuchokera ku koleji ndi kachikwama kamodzi, ndipo sanabwererenso, poti womuphunzitsa sukulu anali yemwe anamukwirira m'mandayo. Anzake anapitiriza kukatenga madigiri awo. Iye anatsala ndi kompyuta yotayidwa ndi maphunziro atheka. Pofuna kuti asapenge, anayamba kuilembanso Kanyale pa kompyutapo kuchokera m'mutu, mlatho ndi mlatho, monga momwe ankaionera Lenard akusewera.

Rahila anafika pa mlatho wachitatu. Pamenepo mlatho umaduka pakati, ndipo wosewera amayenera kuima, kudikira thabwa loyandama kuti limuwolotse. Koma gemu ya m'kamakina ka Lenard inali yokopera, ndipo inali ndi chilema: pakati pa phompholo panali malo osaoneka pomwe kamnyamata kaja kankatha kuponda n'kuima m'malere. Anapatulukira ndi Lenard, anyamata n'kupatcha mwala wa Lenard. Polemba gemu yake, Stefano anayamba kuika mwalawo, thabwa pambuyo.

Rahila sanadikire. Anadina batani, kamnyamata kanadumphira mumdima n'kuima pachabe, nyale ili ngwee.

"Tsiku lina udzadikireko thabwa," anatero Stefano.

"Thabwa ndi la anthu amantha."

Rahila anaseka, kenako anakonza mpango wake kumutu n'kutsitsa mawu.

"Baba agula kompyuta. Yafika dzulo, idakali m'mapulasitiki."

"Ya chiyani? Yowerengera sopo?"

"Musanyoze. Akuti m'mawa izitaipa makalata a anthu, masana achinyamata azisewerapo gemu. Akufuna mnyamata woti aziiyang'anira. Usman wadzipereka kale."

Usman anali mwana wa mnzawo wa a Fakiri pa malonda, wa ku Dwangwa, Msilamu mnzawo, wongobwera kumene kuchokera ku Joni ndi pikapu ndi nsapato zosongoka. Amayi ake a Rahila akamutchula ankamwetulira.

"Ndiye basi, zatha," anatero Stefano.

"Zatha chiyani? A Sufiyani awauza Baba za inu. Baba akuti masiku ano ndi a demokalase. Loweruka nonse awiri mubwere ndi gemu zanu, anthu aone, avote. Wopambana ntchito ndi yake." Anamukoka mkono wa malaya. "Mundimvetse. Panopa kwa Baba ndinu mnyamata uja wa ku tchalitchi amene anasiya sukulu. Mutatuma ankhoswe mawa, angawabwezere pageti. Koma mukamakhala nawo pashopu tsiku ndi tsiku, akudziwani. Baba munthu akamudziwa amavutika kumukana."

"Ankhoswe ake ati? Malume a Layson? Katekisiti amene akamadutsa pamzikiti amawoloka msewu?"

"Amenewo tidzawaona. Yambani mwapambana Loweruka."

"Nanga akandidziwa n'kundikanabe?"

"Ndiye adzakhala atakana munthu, osati mphekesera."

*

Lachinayi Stefano akuchokera kumsika, pikapu inaima pambali pake n'kumuthira fumbi lonse la msewu.

"A Injiniya!" Usman anasuzumira pawindo. "A Digiri Yatheka! Ndamva muli ndi Kanyale kanu kopanga pamanja."

"Ndamva inunso muli ndi kanu kopanga anthu ena."

Usman anaseka, ndipo chowawa chinali chakuti kuseka kwake kunali kokoma. Anatulutsa madisiketi m'thumba la malaya n'kuwatambasula ngati makadi a njuga.

"Iyi, mbale wanga, analemba ndi anyamata a kunja, okonda gemuyi ngati iweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anaphwasula yeniyeniyo n'kuisamutsira pa kompyuta osasiya kanthu. Mitundu yonse ilimo. Nyimbo yonse ilimo. Mleme ukamauluka umachita kumva mapiko. Yako ndamva ili ndi mitundu inayi, ndipo imalira ngati nkhululu."

"Ndi gemu ya mumdima. Mumdima mumafuna mitundu ingati?"

"Ukawauze ovota zimenezo." Usman analiza galimoto, koma sananyamuke. "Ndikufunse. Kwa Sufiyani kuja nawenso ukuphunzira kusoka? Ndaona anthu akonda kusoka masiku ano."

Stefano sanapite kwawo. Analunjika kwa Bushra, yemwe anamupeza akupinda mpendero, mapini ali kukamwa.

"Alamu, mukamuuze Rahila kuti Loweruka asakakhudze kompyuta. Ngakhale amupemphe chotani. Akanene kuti amaopa shoko."

Bushra analavulira mapini m'dzanja. "Mwana ameneyo kumuuza kuti asachite chinthu? Inu mwamudziwa liti?"

M'mawa mwake yankho linabwera ndi Bushra yemweyo.

"Akuti musade nkhawa. Akuti akaiyang'ana ngati nkhuku yaona wotchi."

*

Loweruka itatha swala ya masana kumzikiti, chipinda cha pambali pa golosale chinadzaza. Munali asodzi, mavenda, aphunzitsi awiri, ndi ena ongobwera kudzaona kompyuta. Azimayi anaima pakhomo lolowera m'nyumba, Rahila ali pakati pa amayi ake ndi Bushra. A Fakiri anaimirira ndi kanzu yawo yoyera.

"Pano palibe kugawa nsalu, palibe kugawa sopo," anatero. "Aliyense avote ndi maso ake. Ndipo wolephera asakanene kunjaku kuti Fakiri wabera."

Anthu anaseka. Usman anayamba ndiye.

Inali yokongola, Stefano sakanatha kudzinamiza. Mlatho unali ndi misomali yooneka. Nyale inkaphethira. Pansi pa mlatho madzi ankanyezimira. Nyimbo itayamba, Stefano anamva kuti inali nyimbo ija yeniyeni ya pakhonde pa Lenard, ndipo anazindikira kuti chigawo chake chachiwiri iye ankachikumbukira molakwika nthawi yonseyi. Anthu a kunja, oti Lenard sanamuonepo, anasunga nyimbo ya mbale wake bwino kuposa iye.

"Masha Allah," anatero a Fakiri.

"Ndipo ndi yosavuta, Baba," anatero Usman. "Ngakhale munthu woti sanagwirepo kompyuta akhoza. Rahila, tabwerani muyese."

"Ndimaopa shoko," anatero Rahila, maso pansi.

"Shoko yanji?" A Fakiri anamukodola. "Bwera, mwana wanga, uone zimene bambo ako agula."

Bambo ake akanawakana bwanji pagulu? Rahila anakhala pampando n'kutosa kiyibodi ndi chala chimodzi ngati akuyesa chitsulo chotentha.

"Ndidine pati?"

Mleme woyamba unamuzimitsira nyale. Anthu anaseka, Stefano n'kupuma. Koma mmodzi wa aphunzitsi aja sanathe kudzigwira.

"Musiyeni mwana akatiphikire tiyi. Akazi ndi makina n'zosiyana."

Stefano anaona khosi la Rahila likuwongoka. Mumtima anati, mayo ine.

"Ndiyesenso," anatero Rahila.

Chala chachiwiri chinabwera pa kiyibodi, kenako dzanja lonse. Mlatho woyamba anauwoloka. Pa wachiwiri anazemba mileme iwiri yobwera pamodzi. Atafika pa wachitatu, pomwe mlatho umaduka, zala zake sizinamufunse. Kamnyamata kanadumphira mumdima, kanadutsa pomwe panayenera kukhala mwala, n'kugwera m'madzi.

"Aa! Achotsa..." Rahila anadziluma mlomo.

Anthu anaphulika n'kuseka. Mphunzitsi uja anati unali mwayi chabe, tsopano wamuthera.

"Pamenepo mumadikira thabwa, Rahila," anatero Usman mokoma. "Palibe munthu amadumphira pachabe." Amalankhula ndi Rahila, koma maso ake anali pa Stefano.

Kumbuyo kwenikweni, Rashidi, msodzi wamkulu thupi yemwe anali mnzake wa Lenard wa ponda apa nane mpondepo, anang'ung'udza yekha. "Umu mulibe mwala."

Inakwana nthawi ya Stefano. Gemu yake itaonekera, anthu anayamba kuseka isanayambe n'komwe. Mlatho unali mzere wobiriwira. Kamnyamata kanali ngati chitsa chovala chipewa. Nyimbo inalira ngati nkhululu ndithu, ndipo Usman anachita kugwira pamimba.

Stefano anawoloka mlatho woyamba ndi wachiwiri, n'kuima pa wachitatu. Chokhacho chimene gemu yake inali nacho choposa ya Usman chinali pamenepo, mumdimamo. Koma akanadumpha, a Fakiri akanaona pomwe mwana wawo ankalinga, ndipo akanadziwa komwe anaphunzira. Anachotsa chala pabatani.

Thabwa la mu gemu yake linali laulesi, chifukwa sanaganizepo kuti wina angadzalidikire. Linabwera mokwawa. Wina anayasamula. Stefano anakwera, n'kuwoloka, koyamba chibadwire. Anamva ngati wadutsa pamanda a Lenard akuyang'ana kumbali.

"Tingovota, Baba," anatero Usman.

"Dikirani kaye!" Rashidi anakankha anthu n'kufika kutsogolo, akununkha utsi wowambira nsomba. "Iwe Stefano, mng'ono wake wa Lenard amadikira thabwa? Kapena nawenso wachotsa? Choka apo."

"A Rashidi, ayi, musavutike..."

"Ndati choka. Kudumpha ndi batani liti?"

Zala zake zinali zazikulu moti ankadina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo mileme inamuzunza kangapo. Koma zalazo zinakumbuka. Atafika pa mlatho wachitatu sanachepetse liwiro.

Kamnyamata kanaima m'malere, nyale ili ngwee.

Kenako chipinda chonse chinagwedezeka.

"Mwala wa Lenard!"

"Ulipo! Wallahi ulipo!"

Azibambo a ana awiri, atatu, ankadumpha ngati ali pakhonde lija. Wina anakumbutsa tsiku lomwe Lenard anaima pamwalapo n'kusiya gemu, kupita kukamwa madzi, n'kubwera kamnyamata kadakali chiimire. Wina anati iye anakwapulidwa kwawo chifukwa cha mwala umenewu ndipo sadandaula. Rashidi anavula kofia yake n'kupukuta kumaso, akuti m'chipindamo muli fumbi. Stefano anayesa kudandaula za Rahila, koma chimwemwe chinamulaka. Chiikireni maliro anali asanamve dzina la mbale wake likutchulidwa anthu akuseka.

"Tandionetsani nanenso," anatero a Fakiri, akukwinya manja a kanzu.

Stefano anawafikitsira kamnyamata pa mlatho wachitatu n'kuwaika chala pabatani.

"Ndikanena kuti tsopano, mudine."

"Pansi palibe kanthu, mwana iwe."

"Palipo, bambo. Tsopano!"

"Bismillah!"

Anadina. Kamnyamata kanaima. A Fakiri anaseka mpaka kofia inagwa pansi.

"Ndaima pa mphepo! Amake Rahila, bwerani mudzaone, ndaima pa mphepo!"

Povota, manja anakwera ngati bango. Ku gemu ya Usman kunatsala aphunzitsi awiri aja ndi mwini wake.

"Mwavotera chilema," anatero Usman akutolera madisiketi ake. "Anthu a kunja anakonza cholakwika, inu mukuti mukufuna cholakwikacho."

"Chilema chathu," anayankha Rashidi. "Yakoyo ndi yokongola, mphwanga, koma sitikuidziwa."

Pakhomo paja, Rahila anabisa pakamwa ndi mpango, koma maso ake ankavina.

*

Anthu atabalalika, a Fakiri anamuuza Stefano kuti atsale. Anaitanitsa tiyi wa tangawizi n'kumuthirira okha.

"Lolemba uyambe. Ubwere ndi nkhululu yakoyo."

"Zikomo kwambiri, bambo."

A Fakiri anapemerera tiyi wawo osafulumira.

"Mwala uja uli mu gemu yako yokha?"

"Eya, bambo."

"Ya Usman ilibe."

"Ilibe."

"Ndipo kamakina ka malemu mkulu wako kanapsa Rahila ali kusekondale yogonera konko. Pakhonde panu sanapondepo." Anaika kapu pansi. "Mwana wanga wadumphira pomwe wadumphira Rashidi. Wakwiya ngati munthu amene amuchotsera mpando womwe amakhalira masiku onse. Ine ndimati diresi yavuta manja."

Tiyi anamuwawa Stefano m'kamwa.

"Sitinachite choipa, bambo. Alamu a Bushra amakhala pomwepo. Ndi gemu yokha, ndi kucheza."

"Ndi gemu yokha?"

Stefano anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu. "Ayi, bambo. Si gemu yokha."

A Fakiri anamuyang'ana, osakwiya, osamwetulira.

"Ndinakuona ukudikira thabwa lija. Unalolera kuti Usman apambane, bola mwana wanga asachite manyazi pagulu. Ndachiona chimenecho. N'chifukwa chake tikumwa tiyi, osati kuthamangitsana ndi ndodo. Ntchito ndi yako, anthu avota, ndipo Fakiri sabera. Koma mwana wanga savoteredwa. Mawa apita ku Dwambazi kwa azakhali ake a Mwajuma, akaphunzire kusoka kwenikweni. Usman akubwerera ku Dwangwa, ndiye awatenga iye ndi amayi ake."

"Bambo..."

"Atsibweni a Usman apempha kudzandiona mwezi ukaoneka. Sindinawalonjeze kanthu. Pageti panga sipotseka, koma amalowa ndi akuluakulu, osati anyamata a kuseri kwa telala. Imwa tiyi, akuzizira."

*

Lamulungu m'mawa belu la tchalitchi linalira Stefano ali chiimire m'mphepete mwa msewu wa ku Dwangwa. Pikapu inabwera. Usman analiza hutala kawiri n'kukweza dzanja ngati wandale. Amayi ake a Rahila anakhala pakati, Rahila chakuwindo. Rahilayo sanatembenuke, koma podutsa anatulutsa dzanja n'kudina chala pachitseko cha galimoto, kamodzi, ngati batani.

"Mufuna muime pamenepo mpaka abwerenso?"

Anali Bushra, akukankha njinga ya mwamuna wake, jumbo ili pachiwongolero. Anamupatsa jumboyo. M'katimo munali diresi ija yopanda manja.

"Akuti musunge, adzamaliza akabwera. Ndipo akuti ndikuuzeni mawu awa osasintha." Bushra anakhosomola ngati wowerenga nkhani pa wailesi. "Wawauza kale amayi ake kuti atsibweni a Usman akabwera, iye adzawakana pamaso pawo, ngakhale amusiye ku Dwambazi mpaka imvi. Akuti iye wadumpha kale. Inu muonetsetse kuti mwala ulipo. Mwezi usanaoneke, ankhoswe anu akhale atalowa pageti."

Stefano anaseka, misozi ili m'maso. Mwala wa mu gemu anauika yekha ndi zala zake, popanda kupempha munthu. Uwu unkafunika malume a Layson, ku Malengachanzi, amene pa maliro a Lenard anakana ngakhale kupatsana moni ndi Rashidi chifukwa cha kofia.

"Alamu, malume anga simukuwadziwa. Akangomva dzina loti Rahila, andithira madzi odalitsa. Mwina ndidikire kaye masiku angapo, ndiganize mawu oyambira."

Bushra anamukankhira njinga mpaka chiwongolero chinamugunda pamimba.

"Mudikire chiyani? Thabwa?"

Stefano anamangirira diresi pakaliyala, n'kupalasa kulowera ku Malengachanzi.